Nyimbo za Rolling Stones za mu 1969 sizinakalambe

A Mkonzi,

Mdzukulu wanga akuti nyimbo zimene Rolling Stones, gulu loimba la ku England, anajambula akuimba pagulu ndi zachikale, zongoyenera ife nkhalamba. Ine ndikukana.

Loweruka lapitali ndinamvetseranso zimene anaimba m'holo yaikulu ya Madison Square Garden, ku New York, mu Novembala 1969. Ng'oma za malemu Charlie Watts, amene anatisiya mu 2021, zikugunda mosapupuluma, magitala a Keith Richards ndi Mick Taylor akulandizana ngati amayi posinja. Ndi mfuu ya anthu yomwe ikumveka, mpaka tsitsi linandinyaunya.

Zojambulidwa posachedwapa sizindigwira mtima chotere. Mawu a Mick Jagger, woimba wamkulu wa gululi, wobadwa mu 1943, anayamba kulema, ngakhale kuvina sanaleke.

Ndikupempha mawailesi athu azitiulutsira zakalezi madzulo, ana amve okha.

Wowerenga wanu,
Area 25, Lilongwe