Zithunzi za pa maposita anuwo sizigwa kumwamba

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko kudzera mu nyuzipepala yanuyi. Ine ndine wojambula, koma osati wa kamera ayi, ndayamba ndi kunena zimenezi chifukwa ndikangoti ndine wojambula anthu amathamangira kundifunsa kuti pa ukwati ndimatchaja zingati. Ine ndimajambula ndi pensulo, zithunzi za m'mabuku a ana, maposita a zaumoyo, timakatuni, zikuto za mabuku, nthawi zina ngakhale kalebulo ka pa botolo la uchi kapena la chiponde. Sindinalembedwe ntchito pena paliponse, ndimadya za maoda, lero ilipo mawa kulibe, ndipo ndakhala moyo umenewu zaka zoposa khumi kuno ku Blantyre.

Chomwe chandilembetsa kalatayi ndi ichi. Sabata yatha ndinapita ndi mwana kuchipatala chaching'ono cha kwathu kuno, kamwana kanatentha thupi usiku, ndiye tili pa benchi kudikira ndinangoona pakhoma positala ya kolera yomwe ndinajambula ndekha ndi manja angawa kumayambiriro kwa 2023, nthawi ija matendawa anavuta dziko lonse mpaka sukulu za ku Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulira. Positala yake yafwifwa ndi dzuwa, ngodya ina yang'ambika, koma ikugwirabe ntchito, mayi wina amene anakhala pafupi nane amamulozera mwana wake kuti ona mnzako akusamba m'manja. Mtima unakoma ndithu. Koma nditayang'ana m'munsi mwake ndinawerenga ma logo asanu a mabungwe, dzina la kampani yosindikiza liliponso, dzina la amene anajambula palibe. Mwana wanga yemwe nditamuuza kuti ajambula ndi adadi ako anandiyang'ana ngati ndikumunamiza.

Anthu ambiri amaganiza kuti kujambula ndi kungokhala pansi nkumaseweretsa pensulo, mphindi khumi zatha. Positala imene ija inandidyera masabata atatu. Choyamba amakupatsa uthenga wa mawu okhaokha, zachizungu za mu ofesi, iwe ndiye uganize kuti munthu amene sadziwa kuwerenga akaona chithunzichi amve chiyani popanda womufotokozera. Umayamba ndi timasiketchi ting'onoting'ono tambirimbiri, kusankhapo titatu, kutumiza pa WhatsApp, kudikira abwana amene ali ku field, akabwera akuti mayiyu akuoneka wonenepa kwambiri, wachepetsa, akuti tsopano akuoneka wodwala, wabwezera, kenako kukubwera bwana wina wamkulu amene sanaone kalikonse chiyambire nkunena kuti bwanji pakhale bambo m'malo mwa mayi chifukwa cha jenda. Zonsezo ukujambulanso pachabe. Ukamaliza ndi pensulo umadutsitsa inki, kupanga sikani, kupaka mitundu pa laputopu, ine ndimagwiritsa ntchito pulogalamu yojambulira ya Krita chifukwa ndi yaulere, Photoshop ya mwezi ndi mwezi ija imafuna madola ndipo madola ake nkuwapeza kuti. Kenako pali za osindikiza, fayilo ikhale 300 dpi kuti chithunzi chituluke chooneka bwino, mitundu ichoke ku RGB ya pa sikirini ipite ku CMYK ya makina osindikizira, usiye kamalo m'mbali koti mpeni udulepo, ukaiwala chimodzi khungu la anthu ako limatuluka lotuwa ngati adzola phulusa kapena lofiira ngati njerwa, ndipo wolakwa umakhala iweyo. Khungu lakuda ndi lovuta kusindikiza bwino pa pepala lotchipa, zimenezi ndinaziphunzira ndi misozi, palibe anandiphunzitsa.

Koma gawo lomwe ndimalikonda, ndipo ndi lomwe limandiuza kuti ntchitoyi si masewera, ndi pamene zithunzi zimapita kumudzi kukayesedwa zisanasindikizidwe. Mabungwe ena amachita zimenezi, ena amadumpha kuti asunge ndalama. Tsiku lina tinapita mudzi wina ku Chiradzulu ndi zithunzi za kadyedwe kabwino, tinakhala pansi pa mtengo wa mango ndi amayi ngati makumi awiri, ine ndili phee kumbuyo palibe akudziwa kuti wojambula ndi ine. Anakweza chithunzi cha banja likudya nsima, ndiwo zake nyemba, chisoso, kadzira, zonse zili bwinobwino. Amayi aja anangoti zii kenako agogo ena anaseka nkunena kuti koma banja ili ndi lopanda mwambo, onse akudya ndi dzanja lamanzere mpaka bambo wake yemwe. Ine thukuta kamukamu chifukwa ndimadziwa kuti ndinajambula ndi lamanja. Zinapezeka kuti mnyamata amene amayala masamba ku ofesi anatembenuza chithunzicho pa kompyuta kuti chikwane bwino pambali pa mawu, iye kwake kunali kungodina batani limodzi. Tsiku lonse lija nkhani ya magulu asanu ndi limodzi a zakudya inathera pa dzanja lamanzere. Kuyambira pamenepo ndimalemba pa mgwirizano kuti chithunzi changa asachitembenuze kapena kuchidula osandifunsa, ena amaona ngati ndikudzimva koma ine ndinaona ndi maso anga.

Ndipo zoterezi ndi zambiri. Mfundo ya chitenje choberekera mwana imakhala pati, mayi wosenza ndowa khosi lake limaima bwanji, nkhata imaoneka motani, mafuwa atatu amayalidwa bwanji, mthiko amaugwira chotani povundula, nkhokwe ya ku Dedza ndi yosiyana ndi momwe anthu a m'mbali mwa nyanja amaanikira usipa pa thandala. Ndili ndi mabuku a masiketchi odzaza ndi manja okhaokha, manja a amayi ogulitsa tomato mu msika wa Limbe, mapazi a anyamata a kabaza, makutu a mbuzi. Mbuzi ndi yovuta a Mkonzi, musaione chonchija, ukalakwitsa pang'ono imasanduka galu ndipo mwana wa Sitandade 1 sakunyengerera, amakuuza pompo kuti uyu ndi galu.

Tsopano tibwere pa ndalama pomwe pali chilonda. Kasitomala akabwera mawu oyamba amakhala oti bajeti yathu ndi yochepa. Koma bajeti yomweyo ili ndi ndalama ya wekishopu ya masiku atatu ku Mangochi kapena ku Salima yokakambirana za positala yomweyo, anthu makumi atatu, malo ogona, mafuta a galimoto, ma alawansi, ndipo alawansi ya munthu mmodzi ya tsiku limodzi nthawi zina imaposa zomwe akufuna kundipatsa ine pa chithunzi chimodzi chomwe onsewo apita kukachiyang'ana. Osindikiza amalipidwa msanga chifukwa iwo satulutsa katundu asanaone ndalama. Wojambula ndiye wa mawa mawa, cheke chikusainidwa, wosaina wachiwiri ali ku maliro, akaunti ali pa holide, invoisi yanu yasowa tumizaninso. Ntchito ina ndinagwirizana nawo mtengo mu Ogasiti 2023, ndinapereka zonse mu Seputembala, ndalama inabwera chaka chinacho, pakatipo mu Novembala kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, ndiye tangoganizani, ndalama yomwe ndimati ndigulira tabuleti yojambulira yatsopano inangokwana lendi ndi thumba la chimanga. Zipangizo zathu zonse ndi zochokera kunja, mapeni a inki, pepala lolimba la utoto wa madzi, timitu ta cholembera cha tabuleti, timachita kutuma anthu opita ku Johannesburg kapena ku Dar es Salaam, ndipo kwacha ikagwa izo zimakwera tsiku lomwelo pomwe mtengo wa chithunzi uli pomwe unali zaka zisanu zapitazo. Apo sindinanene za msonkho wa withholding tax womwe amadula pa malipiro, za bandulo ya intaneti yotumizira mafayilo akuluakulu, za magetsi kuzima uli pakati pa ntchito usanasunge.

Ndiye pali ena aja okoma pakamwa amati tijambulireni ulere tikutchukitsani. Kutchuka kwake kuti poti ngakhale dzina simulemba? Alandilodi anga salandira kutchuka, amalandira Airtel Money kapena Mpamba.

Masiku ano kwabweranso AI, ndipo ndisaname, maoda ang'onoang'ono achepa, ma flyer a tchalitchi, zikuto za timabuku, anthu akungolemba mawu pa foni chithunzi chatuluka. Ine sindikulimbana nayo, inenso ndinaiyesa kuti ndione mdani wanga. Ndinaiuza kuti ijambule mayi wa ku Malawi akuphika nsima, inandipatsa mayi wokongola zedi atavala duku la ku West Africa, mphika uli pa moto wopanda mafuwa, m'mbale muli chinthu chooneka ngati mpunga wophwanya, kumbuyo kuli mtengo wa mthethe ndi dzuwa likulowa ngati tili ku malo osungira nyama. Chokongola inde, koma agogo aja a ku Chiradzulu akanachiona akanafunsa kuti mayiyu ndi wa dziko liti. Mwina mawa idzaphunzira, kaya, koma chomwe chimandiwawa ndi choti bwana wa mu ofesi amene anakulira kumudzi, amene akudziwa bwinobwino kuti nsima sioneka choncho, amavomereza chithunzicho chifukwa ndi chaulere, nkukachipachika kwa anthu amene akufuna kuti asinthe khalidwe. Kwa ine amandibweza kasanu chifukwa cha mphuno, kwa makina amangoti zili bho.

Za malamulo ndinenepo pang'ono chifukwa anzanga ambiri sadziwa. Dziko lino lili ndi lamulo la Copyright la 2016 loteteza umwini wa ntchito za luso, ndipo bungwe loona za umwiniwo la COSOMA lilipo kuyambira 1992, koma ukatchula COSOMA aliyense amaganiza za oyimba basi, pomwe zojambula nazonso ndi zotetezedwa ndi lamulo lomwelo, kuphatikizapo ufulu woti dzina lako litchulidwe pa ntchito yako. Ine ndinajambulapo zithunzi khumi ndi ziwiri za kabuku kamodzi, patapita zaka ziwiri ndinazipeza pa kalendala, pa ma T-shirt, china pa chikwangwani chachikulu cha m'mbali mwa msewu, atachotsa kasiginecha kanga pakona. Nditafunsa anandiyankha kuti tinakulipirani kale. Ndinalibe pepala lililonse, tinangogwirizana pa foni, ndiye ndikanalimba ndi chiyani. Apa ndiye ndikudzudzulanso ife eni ake ojambula, timakonda kugwira ntchito mwa chibale, timachita manyazi kutchula depoziti, timaopa kuti tikatulutsa pepala loti asaine kasitomala athawira kwa mnzathu, ndipo zoona amathawiradi chifukwa mnzathuyo avomera theka la mtengo, mawa iyenso akulira chimodzimodzi. Enanso mwa ife timachedwetsa ntchito, kuzimitsa foni tsiku lopereka likafika, zimenezo zimatipha tonse. Ine pano lamulo langa ndi losavuta, theka patsogolo, kukonza kawiri kokha kwaulere kachitatu mulipira, tilembe kuti chithunzichi chikagwira ntchito pati ndipo kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo dzina langa likhalepo ngakhale mwa tizilembo tating'ono. Makasitomala ena anandithawa, amene anatsala ndi amene ndikudya nawo.

Chimene chimandidabwitsa ndi choti dziko lino kujambula si kwachilendo. Ku Chongoni ku Dedza kuli zojambula za pa miyala malo oposa 100, zina za Akafula zina za makolo athu Achewa zokhudza chinamwali ndi Nyau, UNESCO inaziika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Ku Mua kuli malo a zaluso ndi chikhalidwe a Kungoni omwe anayamba mu 1976, alendo amachoka kutali kukaona zosema ndi zojambula za kumeneko. Ku Zomba ku yunivesite anthu amaphunzira Fine Art mpaka digiri, ku pulayimale kuli Expressive Arts. Mabuku onse amene ana athu akuphunzirira kuwerenga a, e, i, o, u ndi odzaza ndi zithunzi, mwana amayamba wazindikira chithunzi cha atate kapena cha ana asanazindikire chilembo, ndipo zithunzi zimenezo pali munthu anakhala pansi usiku nkuzijambula. Koma mwana yemweyo akapezeka akujambula kumbuyo kwa kope amalandira chikoti kuti akuononga pepala. Ine ndinakwapulidwapo kangapo ku pulayimale chifukwa chojambula aphunzitsi a masamu, ngakhale kunena zoona chithunzicho chinawafanana kwambiri ndiye mwina chikoticho chinali choyenera. Mayi anga mpaka lero akamacheza ndi anzawo amati mwana wanga amapanga za makompyuta, mawu oti wojambula amawavuta kutchula.

Pempho langa kwa mabungwe, osindikiza mabuku ndi maofesi a boma ndi laling'ono, polemba bajeti ikani mzere wa wojambula pomwe mukuika wa osindikiza, osati kumukumbukira ndalama zitatha, mulipireni pa nthawi yake, ndipo pa malo pomwe pakukwana ma logo asanu sipangalephere kukwana dzina limodzi. Kwa inunso a nyuzipepala, mukatenga katuni kapena chojambula pa Facebook nkuika mu pepala lanu, musamangolemba kuti chithunzi: intaneti, intaneti ilibe manja, fufuzani mwini wake mumuimbire, ambiri mwa ife manambala athu ali pomwepo pa tsamba.

Ndisiyire pomwepa magetsi abwera, ndili ndi mbuzi zisanu ndi imodzi zoti ndimalize pofika Lachisanu za kabuku ka ana kowerengera manambala, ndipo yachinayi ikuonekabe ngati galu.

Wojambula wa pensulo,
Ndirande, Blantyre