Lipoti la msonkhano wa ku Lilongwe: ndi ndalama zathu zochepazi tipite dziko liti?

Moni apampando, asungichuma ndi mamembala nonse. Ndabwerako ku Lilongwe kumene munandituma kuja, ku msonkhano wa zopita kukagwira ntchito kunja, ndiye ndati ndilembe pompano aliyense awerenge yekha asanayambe ena kunena kumbali kuti ndinangokadya alawansi. Marisiti a basi ndi a malo ogona ali kwa asungichuma, chenji ndabweza, wokayika akaone m'buku.

Funso lomwe munandipatsa linali loti, ndi ndalama zomwe tasonkha mu banki m'khonde yathuyi, tingatumize munthu dziko liti osagwa m'mavuto. M'mawa wonse unapita ndi malankhulidwe a akuluakulu ndi kuthokozana. Kunalinso gawo la inshuwalansi ndi lina la kutumiza ndalama kumudzi pa foni, zomwe tonse timachita kale.

Zinayamba kukoma atafika pa manambala. Anzanga amene mumakonda UK mundikhululukire, khomo lija lomwe ambiri analowera, la ntchito yosamalira okalamba, linatsekedwa mu July 2025 kwa anthu ofunsira ali kunja, ndipo kuyambira March 2024 anali ataletsa kale kutenga mkazi kapena ana. Ndiye ejenti aliyense amene akukuuzani lero kuti mumupatse mamiliyoni akupezereni CoS (chikalata cha bwana wa ku UK chofunsira viza ya ntchito) ya ntchito yosamalira okalambayi ndi wakuba basi. Manesi athu awiri aja njira yawo ilipo koma ndi ya mayeso a Chingerezi a IELTS kapena OET, kulembetsa ku NMC (bungwe loyang'anira manesi ku UK), kuyezetsa TB, ndipo poti Malawi ili pa mndandanda wa WHO wa mayiko osowa ogwira ntchito zachipatala, zipatala za kumeneko siziloledwa kubwera kudzalemba anthu kuno, uyenera kufunsira wekha. Canada mwana wa sukulu ayenera kuonetsa madola a kumeneko opitirira 20,000 mu akaunti, fizi ndi tikiti zili padera. America mu August 2025 inaika Malawi ndi Zambia pa chikole, viza yokacheza chabe unkatha kuuzidwa kuti usiye madola 5,000, 10,000 kapena 15,000. Tsono werengerani ndi kwacha yathuyi, yomwe inagwa ndi 44% mu November 2023, dola ku banki osapezeka, ukapita kwa anyamata a mumsewu mtengo kuposa kawiri. Thumba lathu lonse silingafike ngakhale pakhomo.

Apa ndi pamene ambiri mu holo anati ndiye bola Joni. Ndikudziwa kuti pagulu pathu maganizo ndi omwewo, basi ukwera pa Blantyre, Mwanza, Tete, Nyamapanda, Beitbridge, viza osafunika. Koma chidindo chija ndi cha masiku 30 okha, chokacheza, sichikulola kugwira ntchito. Masikuwo akatha ndiwe munthu wothawathawa, ganyu ya m'gadeni kapena m'nyumba, malipiro ochepa chifukwa bwana akudziwa kuti sungakadandaule kulikonse, ukagwidwa ndi ku Lindela, kosungirako alendo oyembekezera kubwezedwa kwawo. 2008 tinaona alendo akuchitidwa nkhanza, 2015 boma linachita kutumiza mabasi kukatenga anthu ku Durban, pano kuli gulu lodana ndi alendo la Operation Dudula lomwe linafika potsekereza alendo pa zipata za zipatala. Sindikunyoza abale athu ali kumeneko, malata ambiri a kwathu kuno ndi ndalama za ku Joni, agogo athu anayamba ndi Wenela ndi TEBA kalekale. Koma iwo ankapita ndi kontrakiti m'manja.

Ndipo poti tafika pa Joni, apampando, nkhani ija sinathe. Anyamata atatu tinawabwereketsa ndalama ya transipoti chaka chatha, tinagwirizana miyezi isanu ndi umodzi, mpaka lero wabweza ndi mmodzi yekha ndipo theka. Ine nditafunsa pa msonkhano wathu ndinauzidwa kuti ndilibe chifundo chifukwa ndi ana a mamembala. Pa Facebook tikuwaona avala bwino. Mayi amene amafuna ngongole ya geni yawo ya tomato anabwezedwa kuti m'thumba mulibe kanthu, chilungamo chake chili pati? Ine sindivomera kuti tituluke ndi ndalama ina tisanakambe zimenezi, ndipo makolo awo akhalepo tsiku limenelo.

Chomwe chinandigwira mtima ndi mayi wina amene anabwerako ku Oman. Analankhula motsitsa, maikolofoni atagwira ndi manja awiri. Ulendo wake unali waulere, tikiti ndi viza analipira ejenti, anamuuza kuti akukagwira ntchito yabwino, atangotsika ndege pasipoti inatengedwa ndipo anakathera m'nyumba ya munthu, kudzuka usiku kugona usiku, foni yolandidwa. Kumeneko kuli dongosolo la kafala, viza yako imamangidwa pa bwana wako, ukafuna kuchoka amati bweza kaye ndalama zomwe ndinakugulira. Ndi zomwe BBC inaonetsa mu 2024, amayi a ku Malawi opitirira 50 anachita kupulumutsidwa, poyambira pake gulu la WhatsApp. Atamaliza holo yonse inangoti zii. Alongo athu amene mwakhala mukunditumizira manambala a ma ejenti a ku Gulf, chonde, ulendo waulere ndi umene uli wodula kuposa onse. Lamulo lothana ndi kuzembetsa anthu tili nalo kuyambira 2015 koma limagwira ntchito munthu atavutika kale.

Za Israel anakambanso, gulu loyamba la achinyamata 221 linapita ku minda mu November 2023 nkhondo ili mkati, ndipo mu 2024 ena 12 anabwezedwa atachoka ku minda kukagwira ntchito pena. Ndalama ilipo koma wamangidwa pa munda umodzi, ndipo za nkhondo aliyense aganize ndi banja lake.

Tsopano chomwe ndabwera nacho ine ndi Germany, ndipo ndikunena mosabisa kuti ndakopeka. Mnyamata wina wa ku Malawi konkuno analankhula pa vidiyo ali kumeneko, akuphunzira zamagetsi mu dongosolo lotchedwa Ausbildung. Umaphunzira ntchito zaka pafupifupi zitatu, masiku ena m'kalasi masiku ena pa kampani, fizi palibe, m'malo mwake kampaniyo imakulipira mwezi ndi mwezi. Ziliko za umakaniko, zamagetsi, kuphika buledi, za m'mahotela, unesi. A unesi amalandira kupitirira mayuro 1,000 pamwezi chaka choyamba. Wopita ku yunivesite amafunika kutsekera mayuro 11,904 mu akaunti, ife sitingathe, koma wa Ausbildung ngati malipiro a mu kontrakiti akukwana kudzisamalira, chiphinjo chimenecho chimachepa. Anationetsa kachipinda kake, bedi, tebulo, njinga pakhomo, ndi pepala la malipiro lomwe msonkho ndi inshuwalansi ya chipatala zadulidwa kale. Sananame kuti ndi zophweka, anati kuzizira ndi kusungulumwa kunamuliza chaka choyamba, nyumba ndi yodula, ndipo kutumiza ndalama kumudzi ukadali pa maphunziro ndi pang'ono kwambiri.

Mtengo wake weniweni ndi chiyankhulo. Amafuna Chijeremani cha mlingo wapakati wotchedwa B1, unesi nthawi zambiri wokwererapo wa B2, ndiye ndi chaka kapena kuposerapo munthu akuwerenga tsiku ndi tsiku, kenako mayeso ngati a Goethe-Institut, bungwe lophunzitsa Chijeremani lomwe lili ndi maofesi ku Dar es Salaam ndi ku Johannesburg. Ndikudziwa ena anena kuti chaka ndi chachitali, mwana akufuna kudya lero. Koma anyamata athu atatu aja chaka chatha kale, ali ndi pepala lanji?

Pa mfundo zomwe anamanga kumapeto, yoti ma ejenti onse azilembetsedwa ku boma ndagwirizana nayo, koma yoti magulu ngati lathu azibwereketsa ndalama zolipira ejenti ndinaikana pomwepo ndipo ndikuikanabe. Maganizo anga ndi oti ndalama ya chaka chino tigule mabandulo ndi mabuku a Chijeremani, tisunge ya mayeso ndi ya pasipoti, ndipo tisankhe anthu awiri a MSCE yabwino poyera, ndi mavoti, osati zongouzidwa kuti wasankhidwa ndi mphwake wa uje ngati muja zinachitikira pa maphunziro a utelala. Amene apite asaine pamaso pa mboni ndi a mfumu kuti adzabweza, ndipo pakhale ndalama ya tikiti yobwerera yomwe sitiikhudza.

Loweruka tikumane 2 koloko pamalo pathu pomwe paja. Asungichuma mubwere ndi buku la ngongole lonse, ndipo amene akufuna Chijeremani alembe dzina lake pansipa lisanafike Lachisanu.