Mwana wanga, dikira Samueli afike

Wokondedwa mwana wanga,

Mlongo wako wandiuza zonse. Usamukwiyire, ndine ndinamuumiriza, ndipo analankhula misozi ili m'maso. Akuti patha masabata 7 osaponda kutchalitchi. Akutinso mnzako uja wakulonjeza satifiketi ya maphunziro amene sunachite, yoti ukafunsire ntchito, ndipo iwe sunakane. Unangoti uganizira kaye. Za kutchalitchi tikambirana, koma chimene chikundisowetsa tulo ndi pepala limenelo.

Miyezi 9 wopanda ntchito si masewera, makamaka kwa munthu amene ali ndi mkazi, mwana wakhanda ndi mwininyumba wodikira lendi. Sindikupeputsa ululu wako. Sindikuuzanso kuti mavutowa abwera chifukwa unachimwa, monga anzake a Yobu anamuuzira, mpaka Mulungu anawadzudzula pa Yobu 42:7. Yesu mwini, atafunsidwa za munthu wobadwa wakhungu pa Yohane 9, anakana kuti ndi tchimo la munthuyo kapena la makolo ake. Ntchito inatha, basi. Koma zimene uchite m'miyezi imeneyi ndiye zako, ndipo udzayankha wekha.

Tsegula 1 Samueli 13 uwerenge pang'onopang'ono. Sauli ali ku Giligala, Afilisti asonkhana ku Mikimasi, anthu ake akubisala m'mapanga ndi m'maenje, ena akuthawa. Samueli anamuuza kuti adikire masiku 7, adzabwera kudzapereka nsembe. Sauli anadikiradi, mwana wanga, sanali munthu wosamvera kuyambira pachiyambi. Koma ataona kuti Samueli sakuoneka ndipo asilikali akubalalika, anati bweretsani nsembeyo ndipereke ndekha. Atangomaliza, Samueli uyo watulukira. Uone zifukwa zimene anapereka: anthu amandithawa, inu munachedwa, adani anali pafupi, choncho ndinadzikakamiza. Mavuto amene anatchulawo anali enieni, ndipo sanamupulumutse. Ufumu unachoka pa banja lake tsiku limenelo. Zifukwa zakonso ndi zoona. Lendi ndi yoona, njala ya mwana ndi yoona. N'chifukwa chake ndikuchita mantha, poti munthu wabwino sagwa ndi chifukwa chabodza, amagwa ndi chifukwa choona chimene wachiika pamwamba pa mawu a Mulungu.

Ndikukumbukira uli ndi zaka 6 utaswa kapu ija, palibe anakuona, koma unabwera wekha ndi zidutswa m'manja ukunjenjemera milomo. Mtima umenewo uli kuti? Ndikudziwa kuti ukadalipo, apo ayi ukadatenga kale pepalalo osauza mlongo wako.

Munthu sasiya Mulungu tsiku limodzi. Zimayamba ndi tulo. Poti kulibe kodzukira, umagona mochedwa uli pafoni, umadzuka dzuwa litakwera, ndipo pemphero la m'mawa limasanduka mawu awiri onena ukusamba. Kenaka pamabwera manyazi. Aliyense wakutchalitchi akakufunsa kuti ntchito yapezeka, umamva ngati wakulasa, ndiye umajomba Lamlungu limodzi, kenaka lachiwiri. Ukafika pamenepo mawu a anthu okuuza zoona atha m'makutu mwako, kwatsala mawu a mnzako uja yekha, poti iye sakufunsa zochititsa manyazi, amangokumvera chisoni. Pomaliza tchimo limasintha dzina. Silikhalanso bodza, limatchedwa kudzithandiza, kapena zimene aliyense akuchita. Iwe uli pa sitepe yachitatu, phazi limodzi lili kale pa yachinayi. Ndipo ngati wakuuza kuti Mulungu amathandiza odzithandiza, umupatse Baibulo akusonyeze vesi lake. Mulibe.

Tsono pepalalo, tiye tiliyang'anitsitse. Bodza wamba umalinena kamodzi n'kutha. Satifiketi yabodza ndi bodza limene umalinenanso m'mawa uliwonse ukamalowa pakhomo la ntchito, ndi mwezi uliwonse ukamalandira malipiro. Adzakupatsa ntchito yofuna nzeru zimene pepalalo likuti uli nazo, ndipo udzayamba kubisa zolakwa zako ndi mabodza ena. Mnzako uja adzakhala atakugwira pakhosi moyo wako wonse. Tsiku limene adzafune kuti umuchitire chinthu choipa, udzamukana bwanji? Akadzafufuza ku sukulu imene yalembedwapo, monga olemba ntchito ambiri amachitira, sudzangochotsedwa, ukhoza kukaima pamaso pa woweruza, ndipo dzina lako lidzaipa ngakhale kwa amene akadakulemba ndi mapepala ako enieni. Koma choopsa kuposa zonsezi n'chakuti pakamwa pako padzatsekeka pamaso pa Mulungu. Udzathokoza bwanji chifukwa cha malipiro amenewo? Udzapempha bwanji kuti akudalitse pa ntchitoyo? Chikomekome cha mkuyu, mwana wanga, mkati muli nyerere.

Abrahamu anaitanidwa ali ndi zaka 75. Atakhala zaka 10 m'Kanani wopanda mwana, iye ndi Sara anaganiza zothandiza Mulungu kudzera mwa Hagara, ndipo Ismaeli anabadwa Abrahamu ali ndi zaka 86. Njira yachiduleyo sinafupikitse kudikira ngakhale tsiku limodzi. Isake anabwerabe Abrahamu ali ndi zaka 100, ndipo pakati ponsepo m'nyumba munali mkangano.

Usaganize kuti ndikungokuuza kuti upinde manja n'kumayang'ana kumwamba. Pali zoti uchite, ndipo uyambe mawa lomweli.

Dzuka nthawi imene unkadzuka uli pantchito, usambe, uvale. Foni usaigwire usanatsegule Baibulo. Masalimo alipo 150, ukamawerenga 5 pa tsiku umatsiriza m'masiku 30. Ngati 5 akuchulukira, werenga limodzi, koma uliwerenge mokweza, chifukwa munthu wankhawa akamawerenga chamumtima maso amayenda pa tsamba maganizo ali pa ngongole. Yamba ndi Salimo 13, pomwe Davide akufunsa kanayi kuti mpaka liti. Upite ku 73, pomwe Asafu akuvomera kuti anatsala pang'ono kuterereka poona oipa zikuwayendera bwino, ndipo sanazimvetse mpaka atalowa m'malo opatulika a Mulungu. Uwerengenso 88, limene limathera mumdima popanda mawu achitonthozo. Mulungu analola kuti salimo lotero likhale m'buku lake, ndiye usaope kumuuza kuti wakhumudwa naye. Kudandaula kwa Mulungu ndi pemphero. Chimene chimapha munthu ndi kudandaula za Mulungu kwa anthu ena iye osamulankhula.

Usadikire kuti mtima ufune kupemphera. M'nyengo ngati ino sufuna. Danieli atamva kuti lamulo loletsa kupemphera lasindikizidwa, anakwera m'chipinda chake n'kugwada katatu pa tsiku monga ankachitira kale. Chinamugwira ndi chizolowezi. Iwenso ikira nthawi zitatu, m'mawa, masana ndi usiku, ngakhale mphindi 5 zokha. Mawu akasowa, nena Pemphero la Ambuye, uime pa chakudya chathu chalero, utchule dzina la chosowa cha tsikulo. La usiku upemphere ndi mkazi wako, mokweza, nonse awiri.

Ndanena za mkazi wako. Kodi akudziwa za pepalalo? Ngati sakudziwa, umuuze usiku womwe uwerenge kalata ino. Tchimo limakula mobisika, ukangolitchula kwa munthu limachepa mphamvu. Ndipo usamamukalipire mwana wa eni ake chifukwa cha zimene sanalakwe. Ndinamva momwe unamuyankhira tsiku lija ndinaimba foni, ndinangokhala chete koma sizinandisangalatse.

Udye, ugone. Eliya atathawa Yezebeli n'kupempha imfa pansi pa kamtengo m'chipululu, mngelo sanamulalikire. Anamudzutsa kuti adye, anagonanso, anamudzutsanso kuti adye, kenaka ndiye Mulungu analankhula naye ku Horebu. Ankadziona ngati watsala yekha, pomwe panali anthu 7,000 amene sanagwadire Baala. Munthu wotopa ndi wanjala amaona zinthu molakwika, ndiye usamapange chiganizo chachikulu usiku. Ngati maganizo ofuna kufa akubwerera, kapena patha masabata awiri osagona bwino ndi osafuna kudya, uuze mkazi wako ndi ine tsiku lomwelo ndipo upite kuchipatala. Kumeneko si kuchepa chikhulupiriro.

Za ngongole, tenga pepala ulembe aliyense amene uli naye ngongole, ndalama zake ndi tsiku limene unalonjeza. Upite kwa aliyense iwe asanakufunefune, umuuze zoona, umupatse kochepa kamene ungathe ndi tsiku limene ungakwanitsedi. Osalonjeza tsiku longofuna kuti akusiye, limenelonso ndi bodza. Wangongole amapsa mtima kwambiri ndi munthu wozimitsa foni kusiyana ndi wobwera ndi manja opanda kanthu. Usakongole kwina kuti ubweze kwina, dzenje limangokula. Ntchito iliyonse yachilungamo uigwire, ngakhale yonyozeka poyerekeza ndi imene unali nayo. Paulo ankasoka mahema ndi Akula ndi Prisila ku Korinto, ndipo sanachepe utumwi. Kunyada kwako ndikukudziwa, n'kwa bambo ako, koma pano ukuike pansi. Chopereka chisakuthawitse kutchalitchi, 2 Akorinto 8:12 akuti chimalandiridwa molingana ndi zimene munthu ali nazo. Ndipo wina akakuuza kuti upereke ndalama yakutiyakuti kuti akutsegulire mwayi wa ntchito, ukumbukire zimene Petro anamuyankha Simoni wa ku Samariya pa Machitidwe 8, pamene anafuna kugula mphatso ya Mulungu ndi ndalama.

Lamlungu likudzali upite. Ukhale kumbuyo ngati ukufuna. Akakufunsa za ntchito, yankho lako likhale lokonzeratu: sinapezeke, mundipempherere. Mawu awiri amenewo ndi okwanira, ndipo amene akudziwa kuti ukufuna ntchito ndi amenenso angakuuze akamva za malo. Mapemphero akatha usathamangire kunyumba. Upeze abusa kapena mkulu wa mpingo mmodzi amene amasunga chinsinsi, umufotokozere zonse, ndi za pepala zomwe, ndipo mugwirizane kuti azikufunsa sabata iliyonse. Mmodzi yekha, osati gulu.

Mnzako uja umuyankhe msanga, lero kapena mawa. Kuti uganizira kaye n'kutsegula chitseko. Usamufotokozere zambiri, poti ukapereka zifukwa iye adzazigwetsa chimodzichimodzi, ndi waluso pakamwa kuposa iwe kuyambira muli ana. Umuuze kuti: wandiganizira ndathokoza, koma sinditenga, ndipo usadzanditchulirenso. Akaumirira, uleke kucheza naye kufikira utaima bwino. Sindikuti umude. Yosefe sanakhale pansi kuti akambirane ndi mkazi wa Potifara, anasiya malaya m'manja mwake n'kuthawa. Ngati unapereka kale ndalama, zisiye zipite, usazilondole. Ngati pepalalo lili kale m'nyumba mwako, uling'ambe mkazi wako akuona. Ngati unalitumiza kale kwina, ulembe kalata yobweza pempho lako la ntchito, kenaka ugwade uvomereze tchimolo politchula dzina lake, ndipo lonjezo la chikhululukiro la pa 1 Yohane 1:9 ndi lako. Petro anakana Ambuye katatu ndipo anapatsidwabe nkhosa zoti adyetse.

Sindikunamiza kuti ukakana ndiye ntchito ipezeka sabata yamawa. Yosefe yemweyo atathawa tchimo anakathera m'ndende. Anagulitsidwa ali ndi zaka 17, anaima pamaso pa Farao ali ndi zaka 30, ndipo woperekera chikho amene anamumasulira loto anamuiwala zaka ziwiri zathunthu. Anyamata atatu aja pamaso pa Nebukadinezara anati Mulungu wathu akhoza kutilanditsa, koma ngakhale atapanda kutero fano lanu sitiligwadira. Mawu akuti ngakhale atapanda kutero ndi amene ndikufuna akhale pakamwa pako. Paulo anapempha katatu kuti minga ichoke m'thupi mwake, sinachoke, anapatsidwa chisomo chokwanira kuti ayende nayo. Mwina miyezi 9 isanduka 12. Ndikulira nawe pamenepo, koma ndingakonde kukuona wowonda nsapato zitatha kusiyana n'kukuona wonenepa ukulephera kundiyang'ana m'maso.

Usatenge pepalalo, mwana wanga. Ndabwereza, ndipo ndibwerezanso ukandiimbira. Mwina wakwiya kuti ndalowerera za m'nyumba mwako, ndiwe wamkulu tsopano, ndikudziwa. Koma wakutsina khutu ndi mnansi, nanji amene anakubala.

Bambo ako sindinawauze za satifiketiyo, ndikufuna uwauze wekha ukamaliza kukana. Kochepa kamene tili nako titumiza kudzera kwa mlongo wako, n'ka mwanayo, usakabweze ndi manyazi ako aja. Undiimbire Lamlungu madzulo undiuze kuti abusa analalikira pa mutu wanji, ndi zimene mnzakoyo wayankha. Moni kwa mpongozi wanga, ndipo mdzukulu wanga umufungatire m'malo mwanga.

Ndine mayi ako.