Kalata kwa bambo a Tadala, yochokera ku Mangochi

Mwana wanga wokondedwa, bambo a Tadala,

Ndikhulupirira muli bwino nonse kumeneko, inu, mayi a Tadala ndi kamdzukulu kanga. Kuno tadzuka, kungoti dzuwa lanyanya. Mukudziwa mmene kumakhalira kuno Okutobala akamapita kumapeto: ikangokwana 9 koloko m'mawa mchenga supondeka, ndipo usiku tikumagona pakhonde m'maneti. Ndalama munatumiza pafoni zija ndinalandira, zikomo kwambiri, Mulungu abwezere pomwe mwachotsapo. Ndinagula thumba la chimanga, theka ndinagayitsa mgaiwa, theka ndakonola. Yotsalayo ndi imene ikusamalira galu wathu Dziwazako.

Ndati ndilembe chifukwa pafoni paja sitinamvane, komanso ine mawu olemera amandithawa ndikamaganiza za mayunitsi. Munati, "Amayi, galu ndi galu, mungouza anyamata akamutaye kutchire, ndikugulirani wina." Ndikudziwa kuti munanena pondimvera chisoni, simukufuna ndizivutika. Koma mawu amenewo andikhala pamtima, ndipo muona kutsogoloku chifukwa chake.

Ndiyambe ndi mmene alili. Matendawa anaonekera pa nkhoko. Inu mukumudziwa, mthiko ukangogunda m'mphepete mwa mphika amatulukira ngakhale ali kutali bwanji, n'kukhala pakhomo la khitchini kudikira. Tsiku limenelo ndinapala nkhoko, ndinaitana, iye anangodzutsa mutu pansi pa mtengo wa mango n'kuugonekanso. Mawa lake chimodzimodzi. Mphuno youma, thupi lotentha, akati ayende miyendo yakumbuyo ikugwedera. Ana a m'mudzi muno anayamba kufuula kuti wapenga, ndi chiwewe. Ine kapepala ka katemera wa chaka chino ndili nako m'Baibulo, komabe sindinachite makani. Ndinamumangirira kuseri kwa nkhokwe komwe ana safikako, n'kuitana dokotala wa ziweto. Ndi chiwewe sitichita zoyerekeza.

Anabwera pa njinga yamoto, mnyamata wofatsa. Anayamba wamuyang'ana ali patali, kenako anamuikira madzi m'mbale, galu anamwa bwinobwino, dovu osatuluka. Atatero anamutukula mlomo n'kundiitana kuti ndione ndekha. Nkhama zija, zomwe zimayenera kukhala zofiira, zinali zitayera mbuu. Anapinda khutu, m'katimo munali nkhupakupa zitandandalikana, zina zonenepa zotuwa, zina ting'onoting'ono tofiira. Pakati pa zala za kumapazi namonso zinalimo. Anati nkhupakupazo zikamayamwa zimasiya tizilombo m'magazi, tizilomboto n'kumaswa magaziwo, n'chifukwa chake galu amafooka, nkhama kuyera, mkodzo kuda. Anamubaya jekeseni, n'kundisiyira mapiritsi a doxycycline oti amwe milungu inayi osadumphitsa, ngakhale ataoneka kuti wachira. Anandiuzanso mosabisa kuti galuyu ndi wamkulu, zaka zapita, akhoza kudzuka kapena ayi.

Pali zinthu ziwiri zomwe anandiletsa, ndipo muwauze mayi a Tadala, poti nanunso mukufuna kuweta. Choyamba Panado. Anthu ambiri kuno galu akadwala amamuphwanyira mapiritsi a anthu, koma amenewo amawononga chiwindi cha galu. Chachiwiri anyezi ndi adyo, zaziwisi kapena zophika, zimaswanso magazi a galu. Ndiye taganizani, ndiwo zanga zonse zimayamba ndi anyezi mu mafuta. Basi, msuzi wa m'mbale zathu wamuthera, panopa ali ndi kamphika kakekake.

M'mawa ndikamaliza kukazinga mandasi, moto wa pa mbaula usanazilale, ndimatereka kamphikako. Ndimaphika phala la mgaiwa lamadzimadzi, lopanda mchere, lopanda shuga. Usipa wouma ndimauwotcha pang'ono pa chiwaya, ndimausinja mu kamtondo mpaka ukhale ufa kuti pasapezeke kamunga komulasa pakhosi, n'kuthira m'phalamo. Tsiku lina ndimaphwanyiramo dzira lowiritsa. Ndikapita kumsika waukulu ndimagula kachidutswa ka chiwindi cha mbuzi, ndimachiwiritsa n'kuchiduladula, poti chimathandiza kubwezeretsa magazi. Piritsi ndimalibisa m'kati mwa chiwindimo. Poyamba ankangonunkhiza n'kutembenuka, ndiye ndinkaviika zala m'phala lozizira n'kumupaka pamlomo, iye n'kumanyambita chifukwa chosowa chochita. Pano akumadya yekha theka la mbale. Dzulo anayenda mpaka pa mpanda, anakauwa mbuzi kamodzi, mawu osasa, koma anauwa.

Chiguduli chomwe ankagonapo ndinachitentha. Ming'alu ya m'khoma la khitchini ndinaimata ndi dothi, chifukwa adokotala aja anati nkhupakupa za agalu zimabisala ndi kuswana m'ming'alu, ukangosambitsa galu osasamala malo ake wagwira ntchito yachabe. Mankhwala osambitsira anandiyezera okha, ndipo ndimawasunga pamwamba pomwe ana safikira.

Abiti a kuseri kuno mukuwakumbuka? Iwo malinga ndi chipembedzo chawo galu samukhudza, ndipo ine ndimalemekeza zimenezo, Dziwazako sindimulola kufika pakhonde pawo. Koma atamva kuti wadwala anabwera ndi kajumbo ka zinyenyeswa za usipa zomwe amasesa pa thandala pawo, anaima patali n'kunena kuti, "Mupatseni mlonda wathuyu." Akukumbuka chaka chija akuba anabwera usiku kudzamasula mbuzi zawo, galuyu n'kudzutsa mudzi wonse. Inu munali kusukulu nthawi imeneyo. Bambo anu atatisiya, ine kugona ndekha m'nyumba muno ndinakwanitsa chifukwa ndinkamva iye akuzungulira panja. Madzi atakwera mu 2024, nyanja ndi Shire zitalowa m'makomo a anthu, ng'ona zinkafika pafupi kwambiri ndi nyumba za kumunsi, ndipo kuuwa kwake n'komwe kunkatiuza kuti usiku uno tisatuluke wamba.

Tsono kumutaya kutchire kutanthauza chiyani? Galu wotayidwa safa tsiku lomwelo. Amayendayenda ndi njala, amalimbana ndi agalu osabayitsa, ndipo ameneyo ndi amene mawa amadzaluma mwana wa munthu pa njira ya kusukulu. Enanso amati ndingomuthirira tameki m'nsima. Ayi. Poizoni pakhomo pomwe pali nkhuku, abakha ndi ana okwawa, ine sindingalole. Sindikukakamira moyo wake mopanda nzeru, musandimve molakwa. Ndinagwirizana ndi adokotala kuti akadzaona kuti akungozunzika, adzamubaye jekeseni yomugonetsa, ndidzamukwirire kuseri kwa nthochi. Koma adzapita ali pakhomo pake, atadya.

Poti ndatchula za chiwewe, ndinene za Tadala. Ana a msinkhu wake ndi amene amalumidwa kwambiri, chifukwa amathamangira kagalu kalikonse, ndipo akakandidwa amabisa poopa kukalipiridwa. Mumuuze kuti galu kapena mphaka akamuluma, ngakhale kungomukanda, anene msanga, simumukwapula. Zikachitika, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako kuchipatala tsiku lomwelo kukalandira katemera. Osathira mchere, osamatapo ubweya wa galuyo monga ankachitira akale. Chiwewe chikangoyamba kuonekera mwa munthu, mankhwala palibe. Galu amene mukufuna kugulayo mudzamubayitse chaka chilichonse, ndipo musadzamusiye pa tcheni dzuwa lonse opanda madzi.

Tsopano ndifike pa chimene chandigoneka mochedwa masiku ano. Pafoni pomwe paja, titangomaliza za galu, munandiuza kuti a mlonda anu mukufuna kuwachotsa mwezi uno ukatha, chifukwa akutsokomola usiku wonse, awonda, ndipo mwawapeza akusinza. Munati mupeza wina wamphamvu. Sindikufanizira munthu ndi galu, Mulungu andikhululukire, bambo aja ndi munthu wamkulu, ali ndi banja, msinkhu wawo ndi wa malemu bambo anu. Chomwe chinandiopsa n'choti nkhani ziwirizi munazinena ndi mawu amodzimodzi, mopepuka, ngati mukunena zosintha tayala la galimoto. Mwana amene ndinalera ine sanali wotero. Tauni isakuphunzitseni kuti chilichonse chofooka n'chotaya.

Bambo amenewo akhala pageti panu kuyambira Tadala asanabadwe. Usiku umene mayi a Tadala anayamba kumva kupweteka inu muli ku Mzuzu pa ntchito, amene anathamanga kukasaka galimoto ndani? Munandiuza nokha nkhani imeneyo, mukuwayamikira. Kuzizira kwa Juni ndi Julaye ku Lilongwe, komwe ine ndikabwera ndimafunda mabulangete awiri m'nyumba, iwo amakumva ali panja pa mpando.

Munthu wotsokomola kupitirira milungu iwiri, akuwonda, mwina akutuluka thukuta usiku, ayenera kukayezetsa makhololo. Chikhoza kukhala chifuwa chachikulu. Kuyeza ndi mankhwala omwe n'zaulere m'zipatala za boma, ndipo inu chipatala cha Bwaila muli nacho pafupi. Mankhwala ake ndi a miyezi 6, munthu akamamwa mokhulupirika amachira, ndipo pakapita milungu yochepa atayamba kumwa sapatsiranso ena monga poyamba. Mukawachotsa lero, apita kukagona m'kachipinda kamodzi ndi ana awo ndi zidzukulu, opanda ndalama ya basi yopitira kuchipatala, opanda chakudya chomwera mankhwalawo. Anthu ngati amenewa amabisa matenda chifukwa choopa chimene inu mukufuna kuchitachi. Musangowauza kuti "mupite kuchipatala." Atengeni pa galimoto yanu, mukawasiye pakhomo pa chipatala, muwatsimikizire kuti ntchito yawo ilipo. Ngati apezeka nacho, mufunsenso adokotala za Tadala, poti amakonda kusewera pageti pomwepo.

Komanso lamulo lilipo, mwana wanga, si chifundo chokha. Ine ndinagwira ntchito yophika pa loji ina m'mbali mwa nyanja muno, ndipo ndinaona mnzathu wochapa zovala akuchotsedwa atadwala, anangopatsidwa ya mwezi umodzi n'kuuzidwa kuti asabwerenso. Ndi nthawi imeneyo pomwe tinadziwa zomwe lamulo la ntchito la 2000 limanena: munthu amene wagwira miyezi 12 mosalekeza, akadwala ndipo ali ndi kalata ya dokotala, ayenera kupuma milungu 4 akulandira malipiro onse, ndi milungu ina 8 akulandira theka. Mayi uja anamwalira nkhani yake isanathe. Nkhope ya mwana wake wamkazi pa maliro paja sindinaiiwale, ndipo sindikufuna mwana wa munthu adzayang'ane inu ndi maso amenewo. Pezani mnyamata wogwirizira kwa miyezi imeneyi. Ngati ndalama ikuchepa, ya mwezi wamawa yomwe mumanditumizira ija musatumize, ine mandasi akundidyetsa. Ndanena ndi mtima wonse, musaiyese nkhani yokambirana.

Ndipo muwauze mayi a Tadala kuti akamapakula madzulo, mbale ya bambo aja izikhala ndi ndiwo zenizeni, nyemba, dzira, kansomba, osati msuzi wokha. Aziyang'ananso mmene mbaleyo yabwerera. Wophika ndi amene amayamba kudziwa kuti pakhomo palowa matenda, chifukwa mbale zonse zimabwerera kwa iye.

Zina za kuno ndi izi. Loweruka lapitali ndinakaphika pa chinkhoswe ku Mpondasi, mpunga mapoto akuluakulu, nyama ya mbuzi ndi kabichi. Msana ukundiwawabe koma mpunga sunapserere, ndipo eni ake andiitananso pa ukwati. Mafuta ophikira akwera moti mandasi ndachepetsako kukula kwake, makasitomala akudandaula koma akugulabe. Magetsi akuzimazima, makala nawo adula, ndiye ndabwerera ku chitetezo mbaula chija, chimadya nkhuni zochepa. Mango a pakhomo ayamba kupsa, ana akugenda kuyambira m'bandakucha. Mlongo wanu anabwera kuchokera ku Namwera ndi nandolo ndi mbatata, ali bwino, mimba yakula, akuyembekezera mu Januwale.

Chambo chasowa ndipo chikudula zedi, nanga pa 1 Novembala atseka nyanja kwa a makoka mpaka kumapeto kwa Disembala kuti nsomba ziswane. Asodzi ena akung'ung'udza, koma ine ndimagwirizana nazo. Chambo chimalera ana ake m'kamwa, ukagwira mayi mmodzi nthawi imeneyi wapha mazana. Ku Malombe komwe kale tinkagula chambo chodzaza dengu, lero ndi kambuzi yekhayekha. Choncho ndinafulumira, ndapeza zinayi zabwino ku Makawa, ndazing'amba, ndazithira mchere, ndaziwamba pa moto wa utsi pang'onopang'ono mpaka zauma bwino. Ndaikamonso usipa wofutsa, ufa wa mtedza wotendera nkhwani, ndi malambe a Tadala. Katunduyu ndimupatsira kondakitala wa basi ya Lachisanu m'mawa, nambala yake ndikutumizirani pafoni, mukamudikire kudepoti. Chambo chikafika muchitenthetsenso pa moto, musachisiye m'jumbo. Ziwiri n'zanu, chimodzi mupatse apongozi anu, chinacho n'cha a mlonda, muwauze kuti chachokera kwa mayi a ku Mangochi.

Mundiimbire Lamlungu tikaweruka kutchalitchi, mundiuze zomwe achipatala anena.

Moni kwa mayi a Tadala. Tadala mumuuze kuti agogo akumudikira pa Khirisimasi.

Ndine mayi anu.