Musaiwale amene ankayala mabedi m'mabogi a Pullman

Akonzi,

Nkhani yanu ya mabogi ogonamo a sitima za ku America yatamanda George Pullman yekha, ndipo ine ndikuti mwawalakwira anthu amene ankakhetsa thukuta m'mabogimo. Inde, kampani yake ya ku Chicago ndiyo inkapanga mabogiwo n'kumawayang'anira yokha panjanji. Koma oyala mabedi, opukuta nsapato, ochezera usiku wonse ali chilili, anali amuna akuda, ambiri mwa oyambawo atangomasuka kumene ku ukapolo. Ankagwira ntchito maola 400 pamwezi, malipiro ochepa, kumangodalira kangachepe ka apaulendo. Onsewo ankangoitanidwa kuti "George", dzina la bwana wawo.

Zandikhudza chifukwa ndatumikira alendo m'hotela zaka zambiri. Ndikudziwa mmene zimawawira munthu akakukodola ndi chala amvekere "iwe", dzina lako lili poonekera pachifuwa.

Amunawa anayambitsa bungwe lawo lomenyera ufulu wa antchito mu 1925 motsogozedwa ndi A. Philip Randolph, kampani n'kudzagonja n'kusainirana nalo mgwirizano mu 1937. E.D. Nixon, amene mu 1955 anakatulutsa m'chitokosi Rosa Parks, mayi wakuda amene anamangidwa atakana kusiyira mzungu mpando m'basi, anali mmodzi wa iwo. Chonde tilembereni nkhani yachiwiri yonena za amenewa, muwatchule mayina awo.

Muwerengi wanu,
Limbe