Tisamangoti netiweki yavuta, a IT tiyeni tiziyang'ana mu database

Akonzi,

Ndipatseniko danga munyuzi yanu ndiyankhulepo pa nkhani ina imene imandiwawa kwambiri ngati munthu wogwira ntchito za makompyuta kuno ku Lilongwe. Aliyense amene anaimapo pa mzere mu ofesi, kuchipatala kaya pa kauntala yolipirira mabilu kumapeto kwa mwezi akuwadziwa mawu aja akuti pepani netiweki yavuta mubwere mawa. Munthu wachokera ku Area 25 kapena ku Chinsapo, walipira minibasi, wasiya geni yake, ndiye abwerere chimanjamanja mawa adzalipirenso ina. Sindikukana ayi kuti intaneti imadukaduka komanso magetsi amathima, zimenezo tonse tikuziona, koma nthawi zambiri ndithu intaneti imakhala ili bwinobwino, chimene chatsamwa ndi database ndipo palibe amene wapita kukasuzumira kuti chikuchitika n'chiyani.

Kwa owerenga amene si a ntchitoyi, database ndi pulogalamu imene imakhala pa seva, kompyuta yaikulu imene ena onse amalumikizanako, n'kumasunga mayina, mabalansi, mbiri ya odwala, zonse zija. Mlembi akadina batani pa kompyuta yake, kompyutayo imatumiza funso ku database, ife timati query, ndiye imadikira yankho. Ambiri muno timagwiritsa ntchito MySQL, MariaDB kapena PostgreSQL. DHIS2 imene Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsira malipoti, yopangidwa ku University of Oslo, imayenda pa PostgreSQL, pomwe OpenMRS yosungira mbiri ya odwala imayenda pa MySQL. Ndiye si nkhani ya kutali iyi, ndi ya tonsefe.

Chimene chimandidandaulitsa n'chakuti sisitimu ikangoyamba kuchedwa, mnyamata wa IT amathamangira kukathimitsa seva n'kuyatsanso, zikayamba kuyenda anthu n'kumuyamikira. Komatu potero wafufuta umboni wonse wa chimene chimavuta, ndipo mwezi wamawa tsiku ngati lomwelo zidzachitikanso. Pomwe akanangotsegula terminal, kasikirini kakuda kaja, n'kulowa mu seva ndi SSH, njira yotetezeka yoloweramo uli patali, akanaona vutolo ndi maso ake likadali mkati mochitika.

Zida zake zilipo kalekale ndipo ndi zaulere. Pa Linux pali top, imene yoyambirira yake William LeFebvre analemba pa Unix mu 1984, imaonetsa mapulogalamu amene akudya mphamvu ya makina. Jeremy Zawodny anatengera nzeru yomweyo n'kulemba mytop ya MySQL, kenako Baron Schwartz anabwera ndi innotop imene imalowa mozama. Ukalemba mytop n'kudina Enter, sikirini imadzadza ndi mizere, mzere uliwonse ndi munthu kapena pulogalamu imene yalumikizana ndi database panthawiyo, ukuona dzina lake, kompyuta imene akuchokera, masekondi amene query yake yatha ikuyenda ndi chiyambi cha query-yo, ndipo zimasintha zokha pa masekondi 5 alionse. Ukadina i amabisika onse amene angokhala osachita kanthu, ukadina f n'kulemba nambala ya mzere imakuonetsa query yonse, k ndiye yophera. Olo mytop palibe, SHOW FULL PROCESSLIST imakupatsa zomwezo kungoti uzilemba wekha mobwereza. A PostgreSQL ali ndi pg_activity, komanso mu psql, pulogalamu yawo ya pa terminal, ukhoza kufunsa pg_stat_activity n'kuika \watch 2 kumapeto kuti izidzibwereza pa masekondi awiri alionse.

Ndinaitanidwapo pa ofesi ina mu Old Town tsiku la malipiro, anthu atadzadza mpaka pakhonde ena atakhala pansi, alembi atangogwira tsaya kuyang'ana kachizindikiro kozungulira pa sikirini. Titatsegula mytop zinaoneka pompo. Pamwamba panali query imodzi yochokera pa kompyuta ya ku akaunti, nambala ya masekondi ikungokwera, ikuwerenga tebulo lonse la malipiro kuyambira chaka chimene ofesiyo inatsegulidwa, ndiye wina anali atayesa kusintha tebulo lomwelo, pansi pake mizere yambirimbiri yonse italembedwa Waiting for table metadata lock. Zinali ngati pa mjigo wina wabwera ndi mgolo waukulu, amayi a zidebe onse angoima kudikira pomwe madzi alipo. Tinapita kwa bambo a ku akauntiwo, tinawafunsa mwaulemu ngati lipoti lawolo lingadikire madzulo, anavomera, tinaimitsa query ija ndipo mzere unayamba kuyenda tisanabwerere n'komwe pampando. Madzulo ake tinaifunsa query ija ndi EXPLAIN, inaonetsa kuti pa deti panalibe index, kamlozo kamene kamathandiza database kupeza mizere osawerenga tebulo lonse, tinaika, lipoti lomwelo linayamba kutuluka mosavuta.

Pali zina zimene umaziona pokhapokha ukamayang'ana zikuchitika. MySQL ikangoikidwa imalola malumikizano 151 basi, PostgreSQL 100, ndiye pulogalamu yolembedwa mosasamala imene imatsegula osatseka imawamaliza onse, wotsatira amangolandira uthenga wa Too many connections. Mu PostgreSQL ukaona mzere wolembedwa idle in transaction wakhala nthawi yaitali dziwa kuti wina anayamba ntchito n'kuisiya panjira atagwira loko, mwina anapita kukadya nkhomaliro fomu ili yotsegula, ndipo pg_blocking_pids ikuuza yemwe watsekereza anzake. Nthawi zina database ilibe mlandu, ndi disiki yadzadza kapena memory yatha, zimenezo df ndi htop zikuuza pa mphindi imodzi.

Ena anena kuti masiku ano kuli Grafana ndi ma dashboard okongola, masamba a magirafu oonetsa mmene seva ikuyendera, terminal ndi zachikale. Ine ma dashboard ndimawakonda ndipo amathandiza kuona mmene zinthu zayendera sabata yonse, koma amafuna wina awakhazikitse, awasamalire, ndipo maofesi athu ambiri ali ndi wa IT mmodzi yemweyo wa maprinta ndi ma password oiwalika. Terminal imangotumiza zilembo basi, ndiye olo uli ku Kawale usiku ndi kabandulo kotsala pang'ono pa foni ukhoza kulumikiza laputopu n'kuona seva ya ku City Centre bwinobwino, pomwe tsamba la magirafu likanangozungulira.

Koma ndichenjeze anzanga achinyamata, batani la k lija si losewera nalo. Ukapha query imene imalemba zinthu zambiri, database iyenera kubweza zonse mmene zinalili, ndipo kubwezako kumatha kutenga nthawi yaitali kuposa imene yadutsa kale, ukakhala wawonjezera mavuto. Yamba wawerenga kuti ndi ya ndani, ikuchita chiyani, ngati n'kotheka mufunse mwini wake. Mu PostgreSQL yamba ndi pg_cancel_backend imene imangoimitsa query, pg_terminate_backend yodula kulumikizana konse ikhale yomaliza. Chinanso, pa sikirini ija pamadutsa mayina a anthu, manambala a foni, nthawi zina matenda awo, ndipo dziko lino lili ndi lamulo la Data Protection Act la 2024, ndiye zojambula sikirini n'kuponya pa gulu la WhatsApp kuti anzanga ndithandizeni zija tisiye, fufutani kaye za anthuzo.

Kwa mabwana a maofesi pempho langa ndi ili, wa IT wanu mupatseni chilolezo choonera. Ambiri amakanizidwa kulowa mu seva poti kampani imene inagulitsa sisitimu ndiyo yokha ili ndi makiyi, ndiye chikavuta amangoimba foni n'kudikira anthu ali pa mzere. Simukuyenera kumupatsa mphamvu zonse ayi, mu MySQL muli chilolezo cha PROCESS ndipo mu PostgreSQL kuyambira version 10 ya 2017 muli pg_monitor, zimenezi zimamulola kuona zimene zikuyenda osakhudza ndalama kapena mbiri ya munthu. Mukamasaina kontirakiti ndi ogulitsa sisitimu zimenezi zizilembedwamo. Muwauzenso ayatse slow query log, kaundula wa ma query ochedwa, ndipo atsitse malire ake chifukwa MySQL imayamba kulemba query ikadutsa masekondi 10, amenewo ndi ambiri kwa mlembi amene ali ndi anthu makumi asanu kutsogolo kwake.

A m'makoleji athunso chonde, ana akutuluka akudziwa kulemba SELECT ndi kujambula matebulo papepala koma sanaonepo database itatsamwa. Kompyuta yakale imodzi ya mu labu ndi yokwanira, ikanipo Linux ndi MariaDB, dzadzani tebulo ndi mizere mamiliyoni angapo opanda index, kalasi yonse itumize ma query nthawi imodzi, kenako wophunzira mmodzi akhale pa terminal apeze yemwe watsekereza anzake. Aliyense adutsepo pampando umenewo asanalandire pepala lake.

Ine wowerenga wanu,
Wa IT wa ku Area 18, Lilongwe