Asilikali ofuna unamwino apatsidwe mpata

Akonzi,

Ndalemba kalatayi pofuna kupempha akuluakulu a Malawi Defence Force kuti awonjezere mwayi woti asilikali wamba amene ali ndi mtima wosamalira odwala aziphunzira unamwino, kenako n'kukwezedwa kukhala maofesala.

Achimwene anga ndi msilikali wapanyanja ku Monkey Bay, ndipo kolera itavuta kuno ku Mangochi mu 2022, ndinawaona ndi maso anga akumwetsa Thanzi ORS mwana wa anansi athu, supuni imodziimodzi, usiku wonse mpaka tinapeza galimoto yopita naye kuchipatala. Munthu wotere mwambo wa usilikali ali nawo kale, ndipo chimene chatsala ndi digiri ya unamwino, monga ya ku Kamuzu University of Health Sciences, chiphaso cha Nurses and Midwives Council of Malawi, komanso maphunziro a uofesala kusukulu ya asilikali ya Malawi Armed Forces College (MAFCO) ku Salima.

Komatu zaka zinayi za sukulu n'zambiri kwa bambo wa ana atatu amene banja lonse limayang'ana malipiro ake, choncho ndikupempha kuti oterewa azipatsidwa tchuthi cha maphunziro malipiro awo osaima, iwo n'kudzabweza potumikira m'zipatala za asilikali akamaliza.

Mayi wokhudzidwa,
Mangochi.